Uphungu wa Kuseri kwa Nkhokwe

Mtendere, Lusaka
3 Meyi 1995

Okondedwa atate,

Choyamba ndifuna kumva za moyo wanu pamodzi ndi amayi. Ife kuno tili bwino, kupatula chimfine cha mdzukulu wanu Melody.

Monga mudziwa, kampani ya mabasi itatseka apongozi anu a Oswell anakhala pakhomo miyezi isanu ndi itatu. Munthu amene anali inspekita zaka makumi awiri anasowa womufunsa tikiti. Mu Januwale anandiuza kuti Mulungu wawaitanira ku ntchito ina, ya uphungu wachikhristu, yothandiza mabanja amene akukangana. Aphunzira miyezi inayi kusukulu ya mpingo ndipo mayeso apambana. Chatsala n'chakuti athandize banja limodzi lenileni ndi kulemba lipoti, ndiye alandire satifiketi. Vuto n'lakuti kuno ophunzira ndi ambiri, mabanja okangana a mumpingo anzawo anagawana kale.

Ndiye akubwera kwanu Loweruka ndi basi ya m'mawa. Muwapezereko banja limodzi chabe. Chonde atate, ndikukudziwani. Kuyambira pomwe ntchito inatha, ndi pano pamene ayambanso kupolisha nsapato. Musawaseke.

Ndine mwana wanu,
Edness

Chinyunyu
21 Meyi 1995

Mwana wanga Edness,

Landira moni wochokera kuno kumene madzi amatuluka pansi atawira kale koma masamba a tiyi timagula. Amayi ako ali bwino. Ine bondo lamanzere likupereka moni, lamanja silinadzuke.

Apongozi anafika, tayi pakhosi, chikwama m'manja, ndi buku lalikulu loti ungapondepo pothyola mapapaya. Sindinaseke. Ndinapita kaye kuseri kwa khola, ndinabwerako nditatha.

Anakhoma thabwa pamtengo wa mango lolembedwa kuti uphungu wa mabanja, kuyambira eiti koloko mpaka folo. Masabata awiri atha, abwera anthu awiri. Mmodzi anafunsa ngati amakonzanso mawailesi. Wina anali mayi wogulitsa nthochi amene anafuna mthunzi.

Ine ntchito unandipatsa ndinaigwira. Ndinapita kwa ba Bornface, amene Sande iliyonse amaponyerana mapoto ndi akazi awo. Nditawauza kuti kwabwera katswiri wa ku Lusaka, anakwiya onse awiri, ati ndewu yawo si yopatsa alendo, ali ndi ankhoswe awo amene akhala akuisamalira kuyambira 1978. Anandithamangitsa pamodzi, uyu ndi mpini uyu ndi mthiko, ndipo chichokereni tsikulo akuyenda limodzi kupita kutchalitchi. Mudzi wonse wamva, aliyense akukangana monong'ona. Chinyunyu sinaonepo mtendere wotere. Apongozi akuwonda.

Ndiye ndaganiza. Banja lenileni lilipo pakhomo pano, la zaka makumi anayi, satifiketi yake ili m'sutukesi. Chikusowa ndi ndewu chabe, ndipo ndewu ndi chinthu chimene munthu angapange ndi manja ake. Ndauza amayi ako kuti tikangane mwabodza masiku atatu, apongozi atiyanjanitse, alembe lipoti, abwerere kwa iwe ndi pepala lawo. Amayi ako anati iwo sanganame pamaso pa apongozi. Ndinawakumbutsa kuti pamaso pa apongozi sangafikepo n'komwe. Chibwerereni munthuyu, akakumana panjira mmodzi amalowa m'chinangwa wina m'udzu, moni amapatsana ndi mitengo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati chabwino.

Pali kavuto kamodzi. Buku likuti phungu akhale moyang'anizana ndi munthu, amuyang'ane m'maso. Mwambo ukuti mkamwini akayang'ana apongozi aakazi m'maso ndiye kuti sanaleredwe. Apongozi agona masiku awiri osadziwa womumvera. Usadandaule, atate ako anafika Sitandadi 4, apeza njira.

Unditumizireko mabatire a wailesi.

Atate ako,
Festus Sakala

Mtendere, Lusaka
27 Meyi 1995

Atate,

Kalata yanu ndalandira lero ndipo ndikuyankha nditaimirira kuti ndiipereke kwa kondakitala wa basi ya ku Chipata. Tili bwino.

Lekani zimene mwaganizazo. Ndinapempha kuti musawaseke, manje mukufuna kuwapangira sewero lathunthu. Koma chimene chandiopsa si a Oswell. Mwalemba kuti amayi anakhala chete nthawi yaitali kenako anati chabwino. Ine ndinakula nawo. Chabwino wofulumira ndi chabwino. Chabwino wochedwa uja ndi amene ananena tsiku limene anathyola ndodo ya aphunzitsi anga pamaso pa sukulu yonse. Musayambe chinthu chimene simudziwa pothera pake.

Mabatire ndatumiza.

Edness

Chinyunyu
4 Juni 1995

Edness mwana wanga,

Moni. Kalata yanga sunayankhe. Kapena ku Lusaka mapepala nawonso boma lagulitsa? Ife tilipo, ngakhale kuti tachepako, umva.

Njira ndinaipeza. Amayi ako anayala mphasa kutsogolo kwa nkhokwe. Apongozi anakhala kuseri kwake pampando, msana kunkhokwe. Kutsogolo kwawo ndinaika mtondo, pamwamba pa mtondo dzungu, ndipo dzungulo ndinalijambula maso awiri ndi khala. Motero buku linakhuta, mwambo unakhuta. Apongozi anayamba akana, ati si ulemu. Koma atawerenganso buku anapeza kuti silinena kuti masowo akhale a ndani.

Anayamba ndi pemphero, kenako anapempha satifiketi ya ukwati. Anaiyang'ana kutsogolo, kumbuyo, anaiunika padzuwa, ndinaopa kuti aiboola. Ndiye ndinapereka mlandu wanga. Ndinati mayiwa amatenga bulangeti lonse, anabisa chipewa changa cha kutchalitchi, ndipo tambala amamuitana ndi mawu okoma kuposa amene amandiitanira ine. Ndinayesa kulira koma panatuluka chifuwa. Apongozi anauza dzungu kuti akumva kupwetekedwa kwake.

Kenako anati buku likufuna amve aliyense payekha, ine ndichokepo. Ndinapita kumadzi otentha kukaviika bondo. Ndinabwerako dzuwa lili pamutu, amayi ako akulankhulabe. Ndinapitanso, ndinaviika linalo. Ndinabwerako cha m'ma fili, akulankhulabe, motsitsa mawu, maso kunkhokwe. Mwana wanga, ine ndinawapatsa mizere itatu chabe yoti anene. Apongozi anatuluka kuseri kuja maso ali psuu, dzungu atalikumbatira.

M'mawa mwake amayi ako anamanga zovala m'chitenje, anatenga khasu lawo, anati akupita ku Mpanshya kwa mng'ono wawo Esinati. Ndinatsala pang'ono kuwomba m'manja. Zaka makumi anayi ndakhala ndi katswiri wa sewero osadziwa. Ndinawaperekeza kumsewu ndikudziguguda pachifuwa kuti anthu aone, ndipo minibasi itaima ndinawanong'oneza kuti masiku atatu akwana, asawonjeze. Anandiyang'ana ngati ndine chitsa. Ngakhale ine ndinakhulupirira.

Lero ndi tsiku lachisanu. Ndikuganiza kuti Esinati wawagwira ndi ntchito yokumba mtedza. Lipoti la apongozi lidzakhala lonona kuposa la onse.

Mabatire aja ndikudikirabe.

Atate ako, mbeta ya kanthawi,
Festus

Chinyunyu
11 Juni 1995

Wokondedwa mayi a Melody,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye. Ndikhulupirira ana ali bwino ndipo akusamba.

Ndikulemba kukudziwitsani kuti zinthu sizili m'malo mwake. Amayi anachoka pa 31 Meyi nthawi ya 07:40 ndipo mpaka lero sanabwere. Atate akuuza anthu kuti ndi masewera. Si masewera.

Kuti mlandu wa bulangeti unali wabodza ndikudziwa. Amayi anandiuza atate atangokhota pakhola. Ndinafuna kutseka buku, koma ndinakumbukira za m'basi, kuti munthu wa tikiti yabodza nayenso amakhala ali ndi kumene akupita. Ndiye ndinangofunsa monga tinaphunzirira, kuti kodi pali china chimene angafune kunena. Anayankha maola asanu ndi limodzi.

Zimene ananena sindingakuuzeni, ngakhale muli mkazi wanga ndiponso mwana wawo. Ndinalonjeza chinsinsi. Atate ayesa kundinyengerera ndi mbewa zootcha, ayesa kundifunsa ndikuwodzera. Dzulo ndinawapeza akufunsa dzungu.

Mayi a Melody, ndili ndi mantha. Ndinabwera kudzamanga mabanja, ndipo banja loyamba limene ndagwira ndi la makolo anu, linali chilili zaka makumi anayi. Ndapemphera kufunsa ngati maitanidwe aja ndinamva bwino. Chinanso, buku limene ndinanyamula ndi loyamba, limathera pothandiza munthu kuti alankhule. Zochita akalankhula zili m'buku lachiwiri. Lili pamwamba pa wadiropu, pansi pa chipewa cha kampani. Litumizeni msanga, ndipo mulipereke m'manja mwa dalaivala, osati kondakitala. Ndikuwadziwa.

Amuna anu,
O. Njobvu

Mpanshya
20 Juni 1995

Edness,

Uli bwanji ndi ana. Ine ndili bwino, amayi ako aang'ono akupereka moni. Ndalemba ndekha, ukhululuke zilembo.

Usaimbe mlandu amuna ako. Sanandiuze kuti ndichoke. Sananene kanthu, anangokhala chete kuseri kwa nkhokwe. Ine chikwatiwireni sindinalankhulepo mpaka kumaliza. Atate ako ukayamba mawu amawalandira m'malere, amawaveka chipewa, anthu n'kuseka, iwenso n'kuseka, ukazindikira zimene umafuna kunena zapita. Tsiku lija panalibe wondiyang'ana, panalibe wondiseketsa. Ndinayamba ndi za bulangeti, ndinapezeka ndili mu 1961.

Ukudziwa kuti unali ndi mlongo wako Philemon, koma sitinakuuze zambiri. Tinkakhala pakampu ya ogwira msewu kufupi ndi Rufunsa. Anadwala chikuku ali ndi zaka zitatu. Tinamunyamula wapansi kubwera kuno kuchipatala, anatisiya tikuona madenga. Anamuika kumanda a pamishoni. Pobwerera anthu onse ali chete, atate ako anati mwanayu anali wochenjera, wathawa sukulu asanaiyambe. Anthu anaseka pang'ono, pofuna kuwathandiza. Ine sindinaseke. Kuyambira tsikulo dzina la mwana sanalitchulepo. Ndikaliyamba amafunsa ngati mbuzi zamwa madzi.

Atate ako si munthu woipa. Sanandimenyepo, sanandigoneke ndi njala. Koma ine ndakalamba, ndatopa kukumbukira mwana ndekha. Manda ndinawapeza ndi thandizo la akatekisiti, anamera tchire. Ndikulambula pang'onopang'ono.

Usawauze. Akauzidwa adzabwera ndi mawu okonza kale, okoma, ndipo ndidzaseka, ndipo tidzabwerera pomwe tinali. Ngati sadziwa okha, Esinati ali ndi chipinda.

Amayi ako,
Agness

Chinyunyu
2 Julayi 1995

Edness,

Moni mwana wanga. Kalata yako ya pa 27 Meyi yafika dzana. Yapita ku Chipata ndi kubwerako masabata asanu m'thumba la jekete la kondakitala, yaona dziko kuposa ine. Malangizo ako ndi abwino kwambiri. Ndikanawalandira mu Meyi ndikanawakana mwaulemu. Mabatire kondakitala akuti anawayesa panjira kuti aone ngati ndi enieni.

Amayi ako atha mwezi. Ndinatumiza mawu ndi dalaivala wa minibasi kuti sewero latha, oonerera apita. Yankho linabwera loti amva. Ndinatumizanso kuti tambala wawo akudwala. Anati ndimudye.

Buku lachiwiri linafika ndipo apongozi andilembetsa sukulu. Akuti matenda anga ndi osamvetsera. Mankhwala ake, amandikhazika pamaso pa dzungu, iwo agwira wotchi, ndikhale chete mphindi khumi. Tsiku loyamba ndinafika mphindi imodzi ndi theka, chifukwa dzungu layamba kufota mbali imodzi ndipo likufanana ndi ba Bornface. Dzulo ndafika zisanu ndi ziwiri. Ndinafunsa kuti ndimvetsere chiyani poti dzungu silinena kanthu. Anati ndimvetsere zimene zikubwera ndikakhala chete. Sindinazikonde zimene zinabwera.

Ukaona apongozi akuphika usadye. Tonse awiri tikukhalira mbatata.

Edness, ngati amayi ako anakulembera, undiuzeko pamene ndinalakwa. Ndawerenga machimo anga onse, ndi ambiri, koma onse ndi oseketsa. Lachitatu ndinanena nthabwala yabwino m'nyumba, ndinatembenuka, panalibe wondiuza kuti ndine chitsiru.

Sindidikira yankho lako, lingapite ku Malawi. Loweruka tikwera basi ine ndi apongozi.

Atate ako

Chinyunyu
16 Julayi 1995

Mwana wanga Edness,

Landira moni wa anthu awiri. Ndiyambe ndi zimenezo kuti usathamange ndi maso kumunsi kwa kalata.

Tinafika ku Mpanshya dzuwa litakwera. Esinati anandilandira ngati munthu wa msonkho. Apongozi anayendera bwalo lonse, anapeza kuti nkhokwe ya Esinati ndi yaing'ono, mapewa awo akuonekera, ndiye anasankha kuseri kwa khola la abakha. Anakhala msana kwa ife, buku lachiwiri pamaondo. Anapemphera, kenako analamula kuti amayi alankhule, ine nditseke pakamwa mphindi khumi.

Amayi ako anandiyang'ana. Anaimirira, anatenga khasu, anayamba kuyenda. Ndinafuna kufunsa ngati uphungu wa masiku ano umaphatikiza kulima, mawu anafika pamano, ndinawameza. Ndinawatsata. Tinadutsa chipatala, tinadutsa tchalitchi. Titakhota pa mitengo ya bulugamu miyendo yanga inaidziwa njira mutu usanavomere.

Anaima pa kamulu kakang'ono, mbali imodzi kolambula bwino, mbali ina udzu. Pamutu pake pali mwala umene ndinaikapo ndekha. Ndinaunyamula kuchokera kumsewu tsiku lija, ndinali nditauiwala dala.

Tinaima. Sindidziwa mphindi zingati, wa wotchi tinamusiya ndi abakha. M'mutu mwanga munabwera nthabwala zitatu, ina yabwino ndithu, ndinazilola zidutse ngati mabasi odzaza. Zitapita munatsala chinthu chimodzi chabe.

Ndinati, "Philemon ankakonda kuvala nsapato zanga za ntchito."

Amayi ako anati, "Mapazi onse awiri m'nsapato imodzi."

Ndinawauza zimene sindinauzepo munthu, kuti panjira paja amene anamunyamula kumapeto ndine, ndipo ndinamva pamsana panga nthawi imene analeka kupuma, koma ndinayendabe mtunda wonse osanena, ndikumuimbira, kuti iwo asadziwe msanga. Pobwerera ndinaona kuti ndikatsegula pakamwa bwinobwino ndigwa pamsewu, ndiye ndinatulutsa zopusa zija. Zitatuluka sindinadziwe pozibwezera.

Amayi ako anandipatsa khasu. Anati mbali iyo anandisungira.

Ndinalambula. Bondo silinanene kanthu.

Tinabwerera kwa Esinati patatha maola awiri. Tinapeza apongozi ali pomwe paja, msana uli chilili, akuti pitirizani amayi, ndikumva. Abakha anali atawazungulira, akuwauza zonse. Esinati akuti munthu wa Mulungu sanatembenuke ngakhale kamodzi, ndipo pena ankalemba m'kope. Amayi ako anaseka mpaka anakhala pansi. Sindine ndinawaseketsa, ndipo sizinandipweteke kwambiri.

Tinabwera Lolemba tonse atatu, amayi ako kutsogolo, apongozi mpando wakumbuyo kwenikweni atayang'ana pawindo njira yonse. Lipoti alemba masamba khumi ndi anayi. Anandiwerengera pamene alemba kuti phungu anathandiza kwambiri pa nthawi imene sanalipo. Ndinati achotsepo, aphunzitsi angawamane pepala. Akana, ati ndi zoona. Udzawalandire Lachisanu, uwaphikire nyama, ndi munthu. Akuti adzabweranso, chifukwa akazi a ba Bornface afunsa kale ngati kuseri kwa nkhokwe kuli malo.

Tsopano pempho. Ukabwera pa holide ya Ogasiti ubwere ndi ana onse, ndi kachitini ka penti yoyera, ndi kabulashi kakang'ono. Tipita ku Mpanshya ukamuone mlongo wako. Mwala uja ulibe dzina. Ndidzalemba ndine, Sitandadi 4 igwire ntchito.

Amayi ako ali pano akuwerenga paphewa panga. Akuti ndidzalembe dzina ndi zaka basi, ndisadzaonjezerepo ndemanga.

Atate ako,
Festus Sakala